Chigoba Chobooka ndi Nkhono ya m'Beseni

Akazi anga ali ndi kachigoba kamene ine sindiloledwa kukagwira ndisanasambe m'manja. Takalamba limodzi, mano atithera m'nyumba imodzi, koma lamulo limeneli silikalamba. Amati manja anga amanunkha mlamba ngakhale Lamulungu.

Kachigobako si kakakulu ayi, kamaposa pang'ono chitsekerero cha botolo. Sikopotana ngati nkhono zathu za kuno ku Chilwa. Kali ngati denga la nkhokwe, kokhala ndi mizere yotsika kuchokera pamwamba mpaka m'mphepete ngati mapaso, ina yofiirira, ina yotuwa. Ukakatembenuza, m'kati ndi mosalala ngati kapu yatsopano. Ndiye pansonga penipeni pali kachibowo kotalikirako, kothina pakati, ndendende polowetsera kiyi pachitseko.

Kanabwera ndi agogo awo aakazi, amene anayenda pansi kuchokera ku Mozambique ali mtsikana, kachigobako kali m'khosi. Mbumba yonse imanena nkhani imodzi. Ati chibowocho anaboola ndi agogo awo aamuna ndi msomali wowotcha pamoto, nthawi imene ankafunsira, ndipo anachedwa nacho mpaka dzuwa kupendeka poopa kuti chingasweke. Tsono ine ndikalephera kukonza kanthu pakhomo, kaya mwendo wa mpando kaya chitseko cha khola la abakha, ndinkawamva agogo amenewa.

“Amuna akale ankaboola chigoba osachiswa,” amatero akazi anga. “Inu mpando wokha wakukanikani.”

Ine sukulu ndinailekeza panjira. Aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti mmodzi achoke, ndipo poti iwo anali pantchito ya boma, wochokayo ndinali ine. Koma za nkhono musandiyese. Munthu amene wathera moyo wake akuponda matope a nyanja ino amazidziwa ngati abale ake, ndipo ine ndinazigawa m'mafuko kalekale popanda wondiuza.

Fuko lalikulu ndi la zachitseko. Izi ndi zija zakuda, zonenepa, zodzaza m'udzu wa njedza ndi m'ngalande za ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Ukaigwira imabwerera m'nyumba n'kudzitsekera ndi kachitseko kolimba kamene imayenda nako kumbuyo. Ukaiimika nsonga kumwamba, khomo likuyang'ana iwe, khomolo limakhala kumanzere. Mtundu wonse ndi wamanzere, moti zikanakhala ana a sukulu a nthawi yathu bwenzi zitatha ndi zikoti. Akazi anga amadana nazo koopsa, chifukwa zimadula mbande za mpunga ukangowokera. Amazitola m'ndowa, kuziphwanya ndi mwala, n'kupatsa abakha. Ija ya kumtunda, yaikulu yamawangamawanga yokwawa pa nthochi mvula ikagwa, khomo lake lili kumanja ndipo chitseko ilibe. Chilimwe chikafika imangomata pakhomo ndi malovu ake n'kugona. Kenaka pali tating'onoting'ono topanda chitseko, tina tamanzere, tina tozungulira chafulati ngati nkhata yosenzera mtsuko. Timeneti ndi timene azaumoyo amati timasunga likodzo, ndipo ife a msinkhu wanga tonse tinakodzapo magazi tili anyamata, n'kumanyadira kuti takula. Umbuli ndi wokoma ukadali nawo.

Tsono kachigoba ka akazi anga kankandisowetsa fuko. Kupotana kalibe, chitseko kalibe, manzere kapena manja kalibe. Ndipo chibowo chija chinkandikayikitsa. Ndinayesapo kuboola zigoba zathu ndi msomali wamoto, zonse zinkasweka kapena kupserera m'mphepete. Pomwe apa, ukasuzumira m'kati, chibowo chazunguliridwa ndi kamlomo kokhuthala, kosalala, ngati mmene woumba amamalizira kukamwa kwa mtsuko. Msomali sungachite zimenezo, olo ukhale m'manja mwa munthu wodwala chikondi.

Yankho ndinalipeza padoko la Kachulu. Kunkabwera bambo wina wa ku Mozambique, wa kugombe kwenikweni kwa nyanja yamchere, kudzagulitsa bakayawo n'kubwerera ndi matemba athu. Ndinamujambulira kachigoba kaja pamchenga ndi chala. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Zimenezo kwathu zili mbwee pamiyala,” anatero. “Ana amaseweretsa. Zimabadwa choncho, chibowo chomwecho.”

“Osaboola munthu?”

“Aboolerenji? Poti mpopumira pake. Madzi amalowa kunsi, amatulukira pamwambapo. Ndi zonyansa zake zomwe zimatulukira pomwepo.”

“Mwati zonyansa?”

“Eya. Chimbudzi chake chili padenga.”

Anandiuzanso kuti kumeneko nyanja imathawa kawiri patsiku n'kubweranso, ndipo madzi akachoka kanyamaka kamangokakamira pamwala n'kudikira, ungakakoke bwanji sikachoka. Izi ndinazisunga m'mutu. Koma za chimbudzi zija sindikanatha kuzisunga, zinkanditentha m'kamwa. Ndinafika kunyumba thukuta lili kamukamu, nsomba nditaiwala padoko.

“Mayi,” ndinatero, “agogo anu aja anali munthu waulemu ndithu, koma anafunsira ndi chimbudzi cha nkhono.”

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akusenda chinangwa osakweza mutu.

“Kaya anaboola kaya sanaboole, anapereka,” anatero. “Inu munandipatsa chiyani?”

“Ndinakupatsani ine ndemwe.”

“N'chifukwa chake ndimasunga chigoba.”

Ndiwo zanga zinabwera zopanda mchere kwa kanthawi ndithu. Koma ndinali wokondwa, chifukwa kachigoba kaja ndinali nditakapezera fuko lake: zadenga, zosapotana, za kunyanja ina. Mbumba yokha inakana kusintha nkhani, ndipo mpaka lero agogo aja akuboolabe.

Kenaka kunabwera chaka chimene nyanja inatichokera komaliza apa. Ine ndaiona ikuphwa kangapo pamoyo wanga, koma ukaiona uli mnyamata umaseka, ukaiona uli nkhalamba umawerenga mafupa ako. Madzi anayamba kubwerera m'mbuyo ngati mlendo wosafuna kutsanzika, mpaka doko linasanduka bwalo. Mabwato anagona chammbali pamatope ong'aluka. Zimbowera, tinyumba tathu tija ta udzu timene timamanga pamwamba pa njedza zoyandama, zinakhala pansi ngati nkhuku zofungatira. Kupita ku chilumba cha Chisi kunali kwa kabaza, munthu kukwera njinga pamene ine ndinkatchera maukonde. Mphepo inkabwera ndi fumbi lamchere lolowa mpaka m'mano. Anyamata anabalalika, ena ku Zomba, ena kunyanja zina, ndipo pamjigo mzere wa ndowa unkafika mpaka kumsewu.

Akazi anga maondo anali atayamba kale kuwakana, ndipo kuchipatala anali atawauza za bipi. Ana athu ali kutali, aliyense ndi mavuto ake. Ndiye nkhani inafika kwa mlamu wanga.

Mlamu wangayu ndi mlongo wawo wa akazi anga, ali ndi golosale ku Songani. Ndi wamng'ono kwa iwo, ndinamupeza akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, koma lero ndiye mwini mbumba, komanso mkulu wa mpingo wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Timakondana mwa njira yathu, ndiko kuti sitinagwirizanepo pa kanthu kalikonse. Anatsika panjinga yamoto Lolemba lina, anapukuta nsapato ndi mpango, anakhala pampando wanga wopendekeka uja, ndipo atapemphera anayamba.

“Alamu, ndabwera kudzatenga achemwali.”

“Mwabwera ndi ng'ombe zingati?”

“Sindikuseka. Kuseri kwa golosale kuli chipinda cha malata, mpopi uli pafupi, chipatala chili pafupi. Munthu wa bipi sangamaime pamjigo dzuwa lili pamutu.”

“Nanga ine?”

“Inunso mukhoza kubwera. Tikusowa mlonda.”

Ndinaseka naye. Pano ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, mango ndinabzala ndine, koma dothi ndi la mbumba ya akazi anga. Mkazi akachoka, mkamwini amasanduka mlendo wochedwa kutsanzika. Kutsatira ku Songani kunali kukakhala pakhonde la mlamu, kudikira kuti andiitanire chakudya, kumvera magalimoto a ku Liwonde m'malo mwa achule. Ndipo ndinkadziwa kuti nkhalamba ikakwera kumtunda sitsikanso, imangobwera m'bokosi. Ndinayang'ana akazi anga kuti anenepo. Mayi amene pakamwa pawo pamatha kutulutsa mbuzi m'munda wa mnansi iwo ali pakhonde, anangoti zii, maso pamphasa. Kwathu kuno mkazi satsutsa mwini mbumba pamaso pa mwamuna wake, makamaka mwini mbumba amene wabwera chifukwa cha chifundo.

“Nyanja ibwera,” ndinatero. “Imabwera nthawi zonse.”

“Nyanja yanuyi ndi chithaphwi, alamu. Ife makolo athu ankadziwa madzi enieni, osaphwa. Funsani chigoba cha agogo.”

“Ndinachifunsa kale. Kumeneko nyanja imathawa kawiri patsiku, ndipo mwini chigobacho sasamuka. Amakakamira pamwala pake.”

“Kawiri patsiku n'kubwerera. Yanuyi inapita liti? Yafa iyi. Ngakhale nkhono zafa, ndabwera ndikuponda zigoba zokhazokha.”

“Sizinafe. Zatseka zitseko, zagona.”

“Zagona! Ngati mmene anagonera agogo athu kumanda.”

“Ikani imodzi m'madzi muone.”

Mlamu wanga ali ndi matenda amodzi: sangasiye mkangano uli pakati. Anavula jekete, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kuloza kunyanja youma.

“Tiyeni mukatole imodzi. Tiika m'beseni. Loweruka ndikubwera ndi galimoto. Ndikaipeza ikuyenda, achemwali ndiwasiya mpaka tione mvula. Ndikaipeza ili chomwecho, musadzandigwire mwendo.”

“Akulu a mpingo ayamba kuombeza ndi nkhono?”

“Si ula umenewu, ndi umboni.”

Tinatsika awiri kukafika pamene panagona bwato langa. Zigoba zinali ponseponse, zambiri zoyera, zotseguka, zimene madokowe anali atadya kale. Koma apo ndi apo panali zotsekabe zitseko. Ine msodzi, diso langa linaphunzira chinthu chimodzi: chachikulu ndiye chabwino. Ndinatola yaikulu kuposa zonse, yolemera ngati mwala, itakhala poyera pamwamba pa dothi, chitseko chili ndii. Ndinainyamula ngati ndagwira nsomba ya makumba yodyera Khirisimasi.

Kunyumba tinaiika m'beseni pansi pa mango, n'kuthiramo madzi a pamjigo, madzi amene akazi anga anaimira m'mawa wonse. Iwo anabwera, anaitola, anaiyeza m'dzanja, anaifikitsa kumphuno, anadina kachitseko ndi chala, n'kuibwezera.

“Mwasankha nokha?”

“Ndekha. Imeneyi ndi nduna ya nkhono zonse.”

“Chabwino.”

Mlamu anavala jekete, anapempheranso, n'kukwera njinga yake.

Mbiri sichedwa pamudzi wopanda ntchito. Pofika mawa lake aliyense ankadziwa kuti ukwati wanga uli m'beseni. Amayi ochokera kumjigo ankaima ndi ndowa kumutu.

“Odi pano! Adzuka kodi alendo anu?”

“Akadapuma, ayenda ulendo wautali.”

“Muwaphikire tiyi, mwina amva fungo.”

Anzanga a padoko ankabwera kudzakhala mozungulira beseni ngati pali bawo. Wina anati madzi a pamjigo ndi ozuna kwambiri, nkhono ya Chilwa imafuna amchere, ndiye tinathiramo kamchere. Wina anati ndiike padzuwa imve kutentha. Wina anati ayi, pamthunzi, iganize kuti kwachita mitambo. Mnzanga wina wa diso limodzi anatenga lichero lotha n'kumawaza madzi kuchokera pamwamba, ine ndikumenya chidebe kuti imve ngati mabingu. Nkhono ili phee. Ndinailankhula mwaulemu, ndinaitukwana, ndinaiimbira nyimbo zokokera khoka. Chitseko chili ndii.

Kenaka m'beseni munayamba kutuluka kafungo. Ndinati ndi galu wa mnansi. Tsiku lotsatira ndinati ndi mphepo ya kunyanja. Mnzanga wa diso limodzi uja anandikokera pambali.

“Achimwene, mphuno ndili nazo zonse ziwiri. Mlendo wanuyu anatisiya kale.”

“Nkhono ikamayandikira kudzuka imatero,” ndinatero. “Nanga inu m'mawa mumanunkhira?”

Pamene ine ndinkachita zimenezi, akazi anga ankalongedza. Anayamba ndi mapoto, kenaka zitenje, kenaka yunifomu ya kutchalitchi. Zonsezi sizinandiopse, chifukwa mkazi akhoza kulongedza mapoto pofuna kungokuphunzitsa khalidwe. Koma Lachinayi ndinawaona akutsitsa kachitini kamene kamakhala pamwamba pa khoma, akutulutsa kachigoba kobooka kaja, kukakulunga m'kansalu n'kukaika pansi penipeni pa chikwama. Kameneka sikanatulukepo m'nyumba muno chilowereni. Ngakhale chaka cha madzi osefukira, pamene tinathawira kusukulu, anakamangirira kudenga n'kunena kuti tibwera.

Ndinakhala pakhomo.

“Mayi, mukufuna kupita?”

“Achimwene anena.”

“Ndikufunsa inu.”

“Munayamba liti kundifunsa? Amuna awiri munakhala apa n'kundiika m'beseni. Wina anandifunsa?”

Ndinangoti, “Abakha ndidzawauza chiyani?”

“Mudzawauze kuti munasankha nokha.”

Lachisanu masana anatenga khasu, ati n'la mnzawo wa kusikimu akufuna akabweze ndi kutsanzika komwe. Ndinati ndiwaperekeze, anakana, ati ndikhale ndilondere nduna yanga. Kuchokera kwathu kukafika kusikimu, kumene mtsinje wa Likangala umathirira m'nyanja, si pafupi kwa munthu wa maondo ngati awo. Sindinakhale pabeseni. Fungo linali litafika poti ngakhale ntchentche zinkabwera ndi abale awo. Ndinapita kukakhala pabwato langa, ndikuyang'ana phiri la Chisi likunjenjemera m'fumbi, n'kumayesa m'mutu mmene mlonda amaperekera moni. Pobwerera dzuwa litapendeka ndinapeza akazi anga ali kubafa, madzi akukhuthuka ngati mjigo ndi wawo. Anatuluka akutsimphina, khasu lija lili potsamira khoma.

“Mwabwera nalo?”

“Eni ake kunalibe.”

Loweruka ndinadzuka n'kuvala malaya a kutchalitchi, kuti ngati ndikuluza ndiluze ndikuoneka bwino. Kubeseni sindinayandikireko. Galimoto inamveka ili kutali, kapikapu kobwereka, fumbi lili tolo. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo, ena atanyamula mipando. Mlamu anatsika, jekete ili pathupi, anapereka moni kwa aliyense, ndipo sanafune n'kukhala pansi komwe.

“Alamu, tiyeni tikazonde odwala.”

“Pitani inu, ine ndi wachibale, sindingapirire.”

Anapita. Ndinamva akuti, “Aa!” Kenaka mayi wina anaimba nthungululu. Ndinathamanga, ine amene ndinasiya kuthamanga maondo asanayambe kulira.

Madzi a m'beseni anali oyera, opanda fungo. Ndipo m'mphepete, pamwamba pa madzi, nkhono yakuda inali kukwera, chitseko chitakankhidwira kumbuyo, tinyanga tili panja tikufufuza uku ndi uku ngati munthu wofika pamsika wachilendo. Inkayenda mwaulemu wake, yosadziwa kuti mudzi wonse wasiya ntchito chifukwa cha iyo.

Ndinangoiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti si nduna yanga. Iyi inali yocheperapo, chigoba chakuda chonyezimira, chopanda kuwauka ndi dzuwa. Nkhono yotere siipezeka poyera. Yanzeru imakumba madzi asanathe, kulowa pansi pamene matope akadali ozizira, n'kutseka chitseko kumeneko. Yotsala pamwamba ndi imene inachedwa, ndipo kulemera kwake ndi dothi ndi zovunda. Izi ndinkazidziwa, abale, koma ndinazikumbukira Loweruka.

Mlamu anawerama, manja kumbuyo.

“Alamu, Lolemba inali yaikulu kuposa apa.”

“Yaonda. Inu mutagona miyezi yonseyi osadya, jekete ingakukwaneni?”

“Chigoba chimaonda?”

“Chaka chino chilichonse chikuonda.”

Anthu anaseka, koma iye sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa mlongo wake, amene anali atakhala pakhonde pafupi ndi katundu womanga. Anali atasamba ndithu, atadzola mafuta. Koma matope akuda a kumathiriro kwa Likangala sachoka tsiku limodzi. Anali m'zikhadabo, ndipo m'makwinya a chigongono cha dzanja lamanja munali kamzere kakuda, kusonyeza pamene mkono unalekezera kulowa pansi. Maondo onse awiri anali otupa ngati mapapaya.

Mlamu anapita kukakhala pansi pafupi nawo, padothi, buluku lake labwinolo.

“Achemwali, mukanangondiuza.”

“Ndikuuzeni chiyani, achimwene? Inu munati nkhono inene. Yanena.”

“Ndi maondo amenewa?”

“Maondo ndi anga.”

“Mukukakamira chiyani kuno? Fumbi?”

“Munda wanga uli kusikimu. Amayi agona apo. Ndiye chitsiru ichi,” anandiloza ndi mlomo, “mukachipatsa ulonda, akuba adzachipeza chikuwafotokozera mafuko a nkhono.”

Mlamu anaseka, kuseka kwa munthu amene wagonja kwa mkulu wake osati kwa mlamu. Anaitana woyendetsa galimoto kuti atsitse zimene zinali kumbuyo. Munali thumba la ufa, zigubu ziwiri zamadzi ndi kampukutu ka shuga. Ndinamufunsa kuti ngati ankabwera kudzatenga munthu, ufa unali wa yani.

“Unali wanu, alamu, kuti musafe msanga mukatsala nokha.”

Anaika malamulo ake, poti mkulu wa mpingo sangachoke opanda malamulo. Pamjigo azipita ndine, kaya amayi andiseke kaya asandiseke. Tsiku la sikelo ya bipi azibwera kudzawatenga yekha. Ndipo mvula ikakanika, nkhani idzayambiranso, popanda beseni. Ndinavomera zonse, n'kuwonjeza kuti mpando uja ndiukonza. Apa akazi anga ndi mlongo wawo anayang'anana n'kupukusa mitu nthawi imodzi.

Galimoto itapita, anthu atanyamula mipando yawo, ndinafunsa kuti nduna yanga ili kuti.

“Ndinaikwirira kuseri. Ngakhale abakha anaikana.”

“Ndiye mwandinamizira mkulu wa mpingo.”

“Ine sindinanene kanthu. Wonena kuti yaonda ndinu. Tatengani khasu ndi kachitini ka madzi, tikaibweze.”

“Tikaibweze? Inu amene mumaziphwanya?”

“Ndinaidzutsa nthawi isanakwane. Mukufuna ife m'beseni?”

Tinadikira dzuwa lizizire, ndipo tinanyamuka, ine patsogolo ndi kachitini, iwo pambuyo atagwira phewa langa, tikupuma pansi pa mtengo uliwonse. Njira yonse ankandilangiza kuti ndikutayitsa madzi. Titafika, anandionetsa dzenje lawo pansi pa njedza zouma, ndipo nditapisamo mkono ndinamva matope ozizira, onyowa, akundigwira zala. Nyanja inali pomwepo, yabisala. Ndinaika nkhono ija pansi, inatseka chitseko chake, ndipo ndinakwirira pang'onopang'ono.

“Musaipondereze,” anatero. “Isiyireni potulukira.”

“Ikadzatuluka idzakudyerani mbande.”

“Ikadzandidyera ndidzaiphwanya. Koma idye kaye, mpunga ukhalepo. Tandigwirani dzanja, ndidzuke.”